Ndalama ya Fodya Imabwera Kamodzi, Mphika Umafuna Tsiku ndi Tsiku

   Ndikudziwa kuti ambiri amene mukundimvera kuno ku Kasungu muli m'chigafa, wailesi mwaikoleka pamtengo, mukusankha fodya ndi kumanga ndindi. Ena muli pa jeke mukudinda mabelo oti apite ku Chinkhoma. Amayi ena muli pamtondo, ena mukutonola chimanga pakhonde. Pitirizani ntchito yanu, ine mungondibwereka khutu. Lero tikambirane za ndalama ya pakhomo: mmene imalowera, mmene imatulukira, ndi zimene tingachite kuti ikhalitseko.

Munthu wa pa ntchito ya pamwezi amalandira kakhumi ndi kawiri pa chaka. Akalakwitsa mwezi uno, amapirira masabata angapo, mwezi wamawa wakonza. Ife a fodya si choncho. Timafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa timaokera, kenako kupalira, kuthira feteleza, kudula mitu, kuthyola, kusoka, kuyanika, kusankha, kudinda. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo ndalama imagwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kwa ena kawiri kapena katatu, kwa ena kamodzi kokha. Zili ngati mvula yonse ya chaka itagwa tsiku limodzi: madzi ndi ambiri ndithu, koma wopanda powasunga amangowaona akupita kudambo. Pamene mphika, sopo, chigayo, mchere ndi matenda a mwana sizidziwa kuti msika watsekedwa. Zimafuna tsiku ndi tsiku, mu Juni chimodzimodzi mu Febuluwale.

N'chifukwa chake ine ndimati njala ya mu Febuluwale timaikonza tokha mu Juni, m'masabata awiri kapena atatu oyamba ndalama ikangolowa.

Kaimeni pa boma tsiku limene ndalama za fodya zalowa. Mzere wa ku banki watulukira panja. Masipika a m'mashopu akupikisana kulira. Njinga zatsopano azipachika pakhomo pa sitolo, matiresi awaunjika mpaka kudenga la khonde, mafoni ali mbuu m'magalasi. Mphepo ikubweretsa fungo la kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya. Ogulitsa onsewa kalendala ya fodya amaidziwa bwino, ndipo mitengo yawo imadzuka pamodzi ndi msika. Tsono taonani bambo uyu akutuluka m'banki, dzanja lili pathumba. Miyezi yonseyi wakhala akudya nsima ya therere, nsapato yang'ambika, akupempha mchere kwa aneba. Lero aliyense akumutchula kuti bwana. Ndani angamudzudzule akalowa m'lesitilanti n'kuitanitsa nsima ya nkhuku? Ine ayi. Wakhetsa thukuta, adyeko. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti bamboyu wafika pa boma alibe pepala, alibe mawu amene anapangana ndi akunyumba. Chilichonse chimene maso aona ndicho chikumulamula. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tsiku limodzi limasanduka masiku atatu, anzake a pamowa amachuluka, ndipo pobwerera kumudzi wanyamula wailesi yaikulu, nsalu imodzi ya mayi, ndi ndalama yosakwana n'komwe feteleza.

Ntchito yosamala ndalama iyambe mabelo asanakwere galimoto, ndipo iyambe ndi kudziwa chimene chili chanu chenicheni. Mtengo umene mwamva kuti fodya wanu wagulidwa, wa madola uja, si umene ufike m'manja mwanu. Pa seloshiti, pepala la malonda a fodya wanu, pamachoka zambiri: ya okushoni, ya bungwe la Tobacco Commission, ya kafukufuku wa ARET, ya bungwe la alimi limene muli, ya chiguduli, ya thiransipoti, msonkho wa boma. Ngati munalima pa kontirakiti, kampani imayamba yadula ngongole yake ya mbewu, feteleza ndi mankhwala. Kunyumba akukudikirani aganyu amene anakuthandizani kuthyola ndi kusoka, mwini jeke, mwini ngolo, ndi uja munakongola chimanga mu Januwale. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chotsani zonsezo papepala. Chotsalacho ndiye ndalama yanu, ndipo kawirikawiri imakhala yochepa kuposa imene mtima unali kuwerengera.

Pepala limenelo musalembe nokha abambo. Apa ndilankhule mosapsatira. Fodya amalembetsa m'dzina la bambo, akaunti ndi ya bambo, ku msika amapita ndi bambo. Koma amene anathirira nazale, amene anakhala pansi kusoka fodya mpaka msana kuuma, amene amadziwa kuti botolo la mafuta limatha masiku angati, ndi mayi. M'makomo ambiri mayi seloshiti saiona n'komwe. Amangomva kuti, "Chaka chino sizinayende, amake mwana." Mayi uja n'kungoti, "Chabwino bambo," koma mumtima akudziwa kuti mabelo anatuluka angati. Banja lotere silingasunge kanthu, chifukwa wina akubisa ndalama, winanso ayamba kubisa chimanga n'kumagulitsa mobera kuti apeze ya sopo. Yalani mphasa madzulo ana atagona, seloshiti ikhale pakati, muwerenge limodzi. Ngati kuwerenga kumavuta, itanani mwana wa ku sekondale akuthandizeni. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ndipo mwanayo aphunzirapo zimene sadzaiwala.

Choyamba kulowa papepalapo chikhale chimanga. Funsani mayi kuti thumba la makilogalamu 50 limatha nthawi yaitali bwanji pakhomo panu. Akati masabata atatu, ndiye kuti chaka chonse mukufunika matumba 18, osawerengera alendo, maliro ndi aganyu amene mudzawalipire ndi chimanga nthawi yopalira. Kenako kawerengeni zimene mwakolola. Ngati zaperewera, gulani tsopano. Tonse tikudziwa kuti chimanga chimatsika mtengo mu Meyi ndi Juni, pamene aliyense akugulitsa, n'kukwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, zaka zina mpaka kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo. Mwayi wathu ife a fodya ndi wakuti ndalama yathu imabwera nthawi yomweyo imene chimanga chatsika. Komabe chaka ndi chaka timaona zosiyana: munthu akugulitsa chimanga chake kwa mavenda mu Juni pa mtengo wolira, mu Febuluwale n'kukagula chomwecho kwa venda yemweyo, pa kambale, atagwira ganyu tsiku lonse m'munda mwa wina pamene munda wake ukumera tchire. Ganyu wa nthawi yopalira amadya zokolola za chaka chamawa. Umphawi wa pakhomo umazungulira pamenepo.

Amene munali akuluakulu mu 2002 simufuna kukumbutsidwa. Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene njala ya chaka chimenecho inawapweteka kwambiri. Anthu anadya gaga, anakumba zitsa za nthochi, anagulitsa mbuzi, njinga ndi malata pa mtengo wa mbale ya ufa. Ku ADMARC kunali mizere yogona komweko, chimanga chosungira dziko chitagulitsidwa kale. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu Febuluwale chaka chimenecho kuti dziko lili pa ngozi, koma m'midzi yambiri maliro anali atayamba kale. Nkhokwe ya boma ikhoza kukhala yopanda kanthu tsiku limene mukuifuna. Ya pakhomo panu ndi imene mungaiyang'anire nokha.

Kugula chimanga ndi mbali imodzi, kuchisunga ndi mbali ina. Nankafumbwe, makamaka wamkulu uja woboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, amatha kusandutsa thumba lonse kukhala fumbi pofika Disembala. Chimanga chiume bwino musanachiike m'thumba. Mukachiluma chizilira kuti khe. Thirani mankhwala monga Actellic motsata muyeso wolembedwa, kapena gulani matumba a PICS aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati. Mukamanga bwino pulasitiki iliyonse payokha, mpweya sulowa, tizilombo timafa tokha popanda mankhwala, ndipo thumbalo mukalisamala limagwira ntchito zaka zingapo. Lisanjikeni pa timitengo, lisakhudze pansi kapena khoma, ndipo makoswe musawapatse mpata. Thumba la PICS limaoneka lodula pogula, koma liyerekezeni ndi mtengo wa chimanga chimene chili m'katimo mu Febuluwale.

Chimanga chikakwana, feteleza ndi mbewu. Pano pali phunziro limene tinaliphunzira mowawa. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Taganizirani mweziwo, Novembala. Msika wa fodya unali utatsekedwa kale. Mlimi anali atagulitsa pa mtengo wakale wa dola, ndipo uja wosamala, amene sanamwere, amene anasunga ndalama yake kuti adzagule feteleza mvula ikayandikira, anadzuka m'mawa n'kupeza kuti mitengo ya m'sitolo yasintha usiku umodzi. Amene anagula feteleza wake mu Julayi n'kumuika pouma m'chipinda, iyeyo ndiye anapulumuka. Masiku ano kusunga ndalama ya mapepala pansi pa matiresi kwa miyezi isanu ndi kuitaya pang'onopang'ono, osanenanso za akuba, moto ndi chiswe. Chimene mukudziwa kuti mudzachifuna ndithu, chigulireni ndalama ikadali ndi mphamvu. Ndipo musamange ulimi wanu wonse pa chiyembekezo cha feteleza wotsika mtengo wa boma. Dzina likatuluka, thokozani. Likapanda kutuluka, munda usagone.

Feteleza akachepa, alimi ambiri tsopano akumuchulukitsa popanga manyowa a Mbeya. Amatenga feteleza pang'ono wa m'sitolo, n'kusakaniza ndi gaga, phulusa losefa ndi ndowe zouma zopunthapuntha za mbuzi, nkhumba kapena nkhuku, kuwaza madzi pang'ono kuti zingonyowa, n'kumanga m'thumba la pulasitiki m'kati kwa masabata atatu. Mukamasula, fungo lake limakuuzani lokha kuti zapsa. Mumayanika pamthunzi, basi mwapeza wothira chimanga. Miyeso yake funsani alangizi a zaulimi a kudera kwanu, chifukwa mukaphonya muyeso mbewu imanyentchera. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti zinthu zitatu mwa zimenezi, gaga, phulusa ndi ndowe, zili kale pakhomo panu, ndipo ambiri timazitaya kudzala kapena kusiya gaga ku chigayo ngati wopanda ntchito.

Nkhani yoika ndalama pambali isanafike m'manja inayesedwapo pakati pa alimi ngati ife tomwe. Mu 2009 akatswiri a zachuma, a Lasse Brune, a Xavier Giné, a Jessica Goldberg ndi a Dean Yang, mogwirizana ndi banki ya Opportunity, anachita kafukufuku pa alimi a fodya oposa 3,000 a m'makalabu m'chigawo chapakati chino. Ena anapitiriza kulandira ndalama zawo pamanja monga mwa nthawi zonse. Ena anathandizidwa kutsegula akaunti yawoyawo kuti ndalama ya fodya izigwera m'menemo. Nyengo yotsatira, a gulu lachiwirili anagula zipangizo zambiri zaulimi, anakolola zambiri, ndipo pakhomo pawo panapezeka ndalama yogwiritsa ntchito yochulukirapo. Chochititsa chidwi n'chakuti ambiri anakatapa gawo lalikulu la ndalamazo pasanapite nthawi yaitali, komabe kusiyana kunaoneka. Mmene ine ndimaonera, ndalama ikapanda kugwera m'thumba la thalauza tsiku loyamba lomwelo, mtima umapeza nthawi yozizira, ndipo munthu amakumbukira zimene anapangana ndi akunyumba. Lero tili ndi Mpamba ndi Airtel Money, tili ndi ma SACCO, tili ndi mabanki pa boma pomwepa. Ingokumbukirani kuti kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake. Kutapa kakhumi pang'onopang'ono kumadula kuposa kutapa kawiri mwadongosolo.

Tsopano tilowe kukhitchini, kumene ndalama imatuluka mwakachetechete. Wosauka amagula zinthu modula kuposa wolemera. Mafuta ophikira oyeza m'kapepala, shuga wa pa supuni, sopo wodula pakati, kaufa ka walkman: chilichonse chimaoneka chotchipa pa tsikulo, koma mukaphatikiza mwezi wonse mupeza kuti mwalipira kuposa amene anagula botolo lalikulu kamodzi. Amene amadalira ganyu wa tsiku ndi tsiku sangachitire mwina, ndipo sindikumuweruza. Koma inu amene mwagwira ndalama ya fodya mu Juni muli ndi danga lothawa msampha umenewu. Mchere suola. Sopo akamakhalitsa amauma, ndipo wouma sasungunuka msanga. Machesi, makope a ana, yunifolomu ya mu Seputembala, zonsezi zimadikira. Ngati katoni yonse yakukulirani, gwirizanani makomo atatu kapena anayi, mugule pa holoselo n'kugawana. Katunduyo akafika, makiyi asunge mayi, ndipo atulutse mwa muyeso, chifukwa chinthu chikachuluka m'nyumba dzanja nalo limakula.

Pa ndiwo, agogo athu anatisiyira nzeru imene tikuitaya popanda chifukwa. Ndikunena mfutso. Mu Febuluwale ndi Malichi masamba amachita kutayika m'munda: nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso, denje. Mayi amathyola dengu lodzaza, kusadzula nkhwani uja, kuwafutsa pang'ono m'madzi otentha a mchere osalola kuti apse, n'kuwayanika pamphasa kapena pathandala mpaka aume kuti gwaa. Kale ankawamanga m'chikwatu cha masamba a msuku n'kupachika kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Lero ena amasunga m'ndowa yotseka bwino. Ikafika Okutobala, kunja kuli gwaa, mpiru wa kudimba wakwera mtengo, mayi amangomasula chikwatu, kunyika m'madzi, kuthira tomato ndi nsinjiro. Ndiwo yotendera yoteroyo mwana amanyambita mbale. Mtedza tili nawo kuno ku Kasungu, wa Chalimbana ndi wa CG7, ndipo nsinjiro zimalowa m'malo mwa mafuta ogula. Ndimamva achinyamata ena akuti mfutso ndi ndiwo ya amphawi. Mawu amenewo amandipweteka, chifukwa amene amawanenawo ndi omwe amakakongola ndalama yogulira kabichi. Chimodzimodzi bowa wofutsa, mbatata zouma, mbewu ya nyemba ndi soya wokazinga wopangira phala la ana. Khomo limene lili ndi zimenezi limatha sabata yathunthu osatulutsa ndalama ya ndiwo.

Ku chigayo nakonso kumapita chimanga chambiri. Ufa woyera ndi wokoma, palibe akutsutsa, koma pokonola ndi kunyika, gawo lalikulu la thumba limatsalira ku gaga ndi m'madzi. Mgaiwa umatulutsa ufa wochuluka pa thumba lomwelo, umalipira chigayo kamodzi, ndipo umakhalitsa m'mimba. Ngati ana sakuukonda, yambani ndi gramilu, kapena muzisinthasintha.

Nkhuni ndi nkhani ina yowawa kuno kwathu. Fodya yemweyu wadya mitengo yathu: mapaso ndi nsanamira za zigafa, mikangala, nkhuni za m'mabalani. Lero mayi amayenda mtunda wautali, kapena kugula kamtolo kosakwana kuphikira nyemba. Pa mafuwa atatu moto wambiri umangothawira m'mbali. Chitetezo mbaula, ya dothi ija imene amayi a m'magulu amaumba okha, imasunga moto pamalo amodzi, imadya nkhuni zochepa, ndipo imalandira ngakhale zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Nyemba zinyikeni m'madzi usiku, m'mawa zipsa msanga. Vundikirani mphika. Kwa abambo, funsani alangizi za zigafa zamoyo, zodzala mitengo m'mizere pamalo pomwe padzakhale chigafa kuti mitengoyo ikakula ikhale nsanamira zosafuna kusintha. Zimatenga zaka zingapo, koma mukatero mwasiyana nako kugula mitengo chaka ndi chaka. Kuunikira nako, kanyale ka sola kogula kamodzi mu Juni kamathetsa za mabatire ndi makandulo, ndipo ena amatchajanso foni.

Foni imeneyo tiitchule. Mayunitsi, mabandulo, kutchajitsa, ndipo tsopano kubetcha mpira. Anyamata athu ambiri ndalama ya ganyu ikuthera pamenepo, K500 lero, K1,000 mawa, akuyembekezera tsiku limene adzawine. Lembani pakhoma kwa mwezi umodzi ndalama iliyonse yolowa mu foni, muone nokha kuti ikanagula nkhuku zingati.

Kwa Wimbe, pafupi pomwepa, kunachokera William Kamkwamba, amene njala ija ya 2002 inamuchotsa pa sukulu ya Kachokolo makolo atasowa fizi. Anatola zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala, mafelemu a njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu, n'kupanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi kunyumba kwawo ku Masitala. Dziko lonse linamva za iye. Sikuti tonse tipange magetsi ayi. Koma diso limene iye anaonera dzala la zitsulo ndi limene tikulisowa pa ndowa yobooka imene wowotcherera angaimate, nsapato imene wosoka angaikonze, njinga imene ikungofuna masipoko ndi girizi kuti iyendenso chaka china.

Ndisanapitirire, ndinene ichi poyera. Kusamala ndalama sikuchiza chilichonse. Pali mabanja kuno amene amalima fodya wa eni esiteti, amene chaka chonse amadya chimanga chongongola kwa bwana, pomaliza n'kuuzidwa kuti palibe chotsala. Pali agogo olera ana amasiye. Pali zaka zimene fodya amabwezedwa pa okushoni kapena kugulidwa pa mtengo wosabweza n'zolowa zomwe. Munthu wotere kumuuza kuti uzisunga ndi kumunyoza, chifukwa alibe choti asunge. Mitengo yabwino, malipiro achilungamo ndi kwacha yokhazikika ndi udindo wa ogula fodya, eni minda ndi boma, ndipo tisatope kuwafunsa. Zimene ndikukamba lero ndi za gawo limene lili m'manja mwathu, ndipo gawo limenelo si laling'ono monga timaganizira.

Pali chinthu chimene mabuku a zachuma ochokera kunja sachimvetsa, ndicho chibale. Mukangogulitsa fodya, mudzi wonse wadziwa. Mlongo wanu abwera ndi nkhani ya fizi ya mwana, ndipo inu monga atsibweni simungatembenuke. Apongozi akudwala. Kuli chinkhoswe, kuli ukwati wa perekaniperekani, kuli kumanga chiliza cha agogo. Maliro sapangana ndi munthu. Ine sindidzakuuzani kuti muumire achibale, chifukwa tsiku limene denga lanu lidzasasuke ndi mphepo, ndi omwewo adzathamange. Koma chibale nacho chilowe papepala. Patulani gawo lake kuyambira pachiyambi, mugwirizane awirinu kuti ya achibale a mbali zonse ziwiri ndi iyi. Ikatha, mutha kuyankha ndi mtima woyera kuti, "Pepani achemwali, yomwe ndinapatula yatha, yotsalayi ndi ya feteleza, ndipo feteleza ndagula kale." Thumba la feteleza ndi mbuzi ya m'khola sizipemphedwa mwachisawawa ngati ndalama ya m'thumba. Ndipo pa ziliza ndi maukwati tiyeni tichepetse mpikisano. Kulemekeza malemu sikufuna kuti amoyo agone ndi njala miyezi itatu.

Mbuzi ndi nkhuku ndatchulazi ndi banki ya kumudzi imene kwacha ikagwa, yokha imakwera. Koma nkhuku zimafuna katemera wa chitopa nyengo yotentha isanafike. Mtengo wa katemera wa khola lonse sufika pa mtengo wa nkhuku imodzi, ndipo chitopa chikalowa m'mudzi chimasesa zonse m'masiku ochepa.

Nditsirize ndi banki mkhonde, chifukwa amayi ambiri amene mukundimvera muli m'magulu amenewa. Ndi chinthu chabwino kwambiri chimene chafika m'midzi mwathu. Anthu odziwana amakumana sabata iliyonse, kugula masheya, kubwerekana, kusunga kathumba ka padera ka matenda ndi maliro, bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Kwa mayi amene ndalama ya fodya saigwira, apa ndi pamene amasunga ya mandasi, ya tomato, ya mtedza wake. Maguluwa apulumutsa ambiri kwa akatapila, aja okongoza K10,000 mu Januwale n'kufuna K20,000 kapena belo lathunthu msika ukatsegulidwa. Koma ndaona zinthu ziwiri zimene zikuwononga magulu. China ndi kubwereka popanda chochita nayo ndalamayo. Chiwongoladzanja cha m'magulu ambiri ndi chapamwezi, ndipo n'chokwera. Ngati mwabwereka kuti muwonjezere mpamba wa geni imene ikuyenda kale, zili bwino. Koma kubwereka kuti mugule chitenje cha yunifolomu ya ukwati, kenako kulowa gulu lachiwiri kuti mubweze ngongole ya gulu loyamba, mapeto ake ndi kulandidwa ziwiya ndi malata, ena mpaka kuthawa m'mudzi usiku. Magulu amene amakakamiza membala aliyense kubwereka kuti phindu lichuluke asiye mchitidwe umenewu.

Chinacho ndi tsiku logawana. Magulu ambiri amaswa bokosi mu Disembala, Khirisimasi ili pakhomo. Nthawi imeneyo feteleza wokulitsa anayenera kukhala atathiridwa kale, mbewu yabwino yatha m'masitolo, ndipo ndalama ija imathera ku mpunga, zovala za pa kaunjika ndi zakumwa za masiku awiri. Palibe lamulo limene limati mugawane mu Disembala. Malamulo a gulu mumapanga nokha. Pa msonkhano wanu wa sabata ino, wina aimirire afunse amayi apampando kuti bwanji chaka chamawa tidzagawane kumayambiriro kwa Okutobala, mvula isanagwe, kapena tigawe kawiri, gawo lina mu Okutobala la kumunda, lina mu Januwale la sukulu ndi chakudya. Kambiranani, muvote, mlembi alembe m'kaundula.

Nthawi yathu yathera pamenepa.  Amene mabelo anu akupita ku Chinkhoma sabata ino, muyende bwino, fodya akagulidwe pa mtengo wabwino.